Mpweya Umene Ndinawonjezera pa Bedi Lachinayi

Achemwali anga,

Ndiyambe ndi miyendo ya amayi. Ulendo watha pa foni munangoti ali bwino n'kusintha nkhani, ndipo ine ndimakudziwani mukayankha mothamanga choncho. Kodi kutupa kuja kunaphwa? Nanga inuyo, msana uja ukukulolani kukhala pa makina osokera tsiku lonse? Alamu anga ndi ana onse ali bwanji?

Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalata iyi muiwerenge muli nokha. Musaiwerenge mokweza pakhonde monga mumachitira ndi zina zija, ndipo mwana wanga Kachiwala asaione mpaka inu mutafika kumapeto. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ndikanangoyamba kulira, inu n'kumakuwa kuti wamwalira ndani. Palibe wamwalira.

Za kunyumba kuno n'zomwe zija. Mpopi wa m'bafa ukudonthabe, ndipo mwini nyumba amabwera, kuuyang'ana, kugwedeza mutu ngati wamva chisoni, n'kumapita. Basi yathu anaisintha njira, ndiye masiku ano ndimayenda wapansi kadera ndithu ndisanakwere. Nsapato za kuntchito zija zinang'ambika kuchidendene, ndinagula zina zimene zikundiluma chala chachikulu. Zonsezi ndi zazing'ono.

Chachikulu ndi ichi. Mukudziwa kuti chaka changa choyesedwa pa ntchito chimatha kumapeto kwa mwezi uno, ndipo kalata yonditsimikizira ndi imene a ofesi yoona za olowa m'dziko akuidikira kuti alole Kachiwala kubwera kudzakhala nane. Tinamulonjeza tonse awiri kuti akangotsekera sukulu anyamuka. Nkhani yonse imene ndikulemba ili pa kalata imeneyo, koma kuti muimve bwino ndiyenera kuyamba ndakuuzani za ntchito yanga, imene mumati simuifuna kuimva chifukwa imakuchititsani nseru. Pirirani lero lokha.

M'chipinda cha odwala mwakayakaya mmene ndimagwira muli mabedi asanu ndi atatu. Ambiri ogona pamenepo satha kupuma okha, ndiye timawalowetsa chubu pakhosi, makina n'kumawapumira. Makinawo timawauza ndife kuchuluka kwa mpweya woti akankhire m'chifuwa ulendo uliwonse. Munthu wosadziwa amaganiza kuti wodwala mapapo afunika mpweya wambiri, koma si choncho. Mapapo akagwidwa ndi chibayo choopsa, mbali yaikulu imadzaza madzi n'kuuma gwa, kamalo kabwino n'kutsala kochepa. Ukakankhiramo mpweya wambiri, wonsewo umathamangira ku kamalo kotsalako n'kukang'amba. Choncho timapereka pang'onopang'ono, koma pafupipafupi.

Muyeso wake sutengera kulemera kwa munthu, umatengera msinkhu. Munthu akanenepa imakula ndi mimba, mapapo amakhala omwewo. Inu atelala mumvetsa: simudula nsalu pongomuyang'ana kasitomala pakhomo, mumayamba mwamuzunguliza tepi. Koma ife m'chipinda chathu, kwa zaka zambiri, anthu ankangoponya diso pa wodwala n'kuika mamililita mazana asanu. Wamtali mazana asanu, wamfupi mazana asanu, akakhala wojintcha n'kuwonjezerako poti thupi ndi lalikulu.

Chaka chino kunabwera dokotala watsopano wa mapapo, mayi wochepa thupi wosakonda zocheza. Anafukula mafayilo akale n'kupeza kuti mwa odwala atatu alionse, mmodzi yekha ndi amene ankalandira muyeso woyenera. Anagula matepi, n'kupachika pa makina alionse kakhadi kosonyeza kuti msinkhu wakuti, mpweya wake ndi wakuti. Kenako anafuna namwino mmodzi woti m'mawa uliwonse azizungulira mabedi onse, kuyeza odwala atsopano ndi kuona ngati makina akugwirizana ndi khadi. Anasankha ine.

Achemwali, ndinanyada. Mlendo ngati ine, wa miyezi yowerengeka, kupatsidwa udindo woyang'ana ntchito ya anzanga! Anayamba kunditcha Mayi Tepi, ena moseka, ena mokwiya, ine n'kumavomera ndi mapewa m'mwamba. Ndinali ndi kabuku ndi cholembera chofiira, ndipo bedi limene ndapeza makina atakwezedwa ndinkalilemba pamodzi ndi namwino wake. Pakamwa panga mumapadziwa, sindinkasankha mawu.

Amene ndinkalimbana nawo kwambiri ndi namwino wina wachikulire amene wagwira m'chipindamo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Timawatcha a Kwezani, chifukwa akaona wodwala akulimbana ndi makina mawu awo ndi amodzi, akuti kwezani pang'ono, munthu akuvutika. Ndi mayi amene anandilandira nditangofika, kundionetsa kumene kumakhala chilichonse, mpaka kundipatsa jekete lawo mwezi wozizira uja ndisanagule langa. Koma ndinawalemba m'kabuku kawiri konse, ndipo kachiwiriko ndinawauza pamaso pa anthu kuti chifundo chawo chidzapha munthu. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

Masabata atatu apitawo anatibweretsera bambo wina woyendetsa basi, wamfupi, wa mimba yake ndithu, chibayo chitagwira mapapo onse awiri. Pomulandira anafunsa akazi ake za msinkhu, iwo n'kunena kuti ndi masentimita 180, poti ndi zimene bamboyo ankanena moyo wake wonse. M'mawa mwake nditamuyeza ndinapeza 164. Tinaseka, akazi akenso anaseka misozi ili m'maso, n'kunena kuti mwina ankawerengera ndi chipewa chomwe. Malinga ndi khadi, tinatsitsa mpweya wake kufika pa 360. Anamugoneka pa bedi lachinayi.

Chimene sindinakuuzeni n'chakuti muyeso woyenerawo suoneka bwino m'maso. Chifuwa chimangokwera pang'ono ngati cha khanda. Mankhwala ogoneka akayamba kuchepa mphamvu, wodwala amakoka mpweya ndi mphamvu zake zonse, mitsempha ya m'khosi ili njo, thukuta lili kamukamu, makina osamupatsa woposa umene tinawauza. Zikatero lamulo ndi lakuti uitane dokotala, awonjezere mankhwala kapena afulumizitse kapumidwe. Kuchuluka kwa mpweya sukhudza. Ine ndinkaphunzitsa ena zimenezi.

Lachiwiri la sabata yake yachiwiri m'chipinda chathu ndinagwira shifiti ya m'mawa. Hafu pasiti wani ndinapereka odwala anga kwa a Kwezani, pamodzi ndi bambo wa pa bedi lachinayi, ndipo iwo analowa m'kachipinda ka mankhwala kukakonza majakisoni. Ine chikwama chili kale paphewa, ndinakumbukira kuti ndasiya tepi yanga pa bedilo, ndiye ndinabwerera. Inali nthawi yoona odwala.

Ndinapeza bamboyo akulimbana. Maso atatsegula pang'ono, milomo ikutafuna chubu, mapewa akukwera ndi kutsika. Akazi ake anandigwira padzanja pano mwamphamvu, mpaka zikhadabo zinandisiyira zizindikiro. Anati chibwerere ine ndi tepi yanga, amuna awo akupatsidwa mpweya ngati wopempha. Anafunsa ngati mpweya ukutha m'chipatala muno kuti tizimana munthu wamkulu chonchi. Kenako anagwada pansi, pa simenti pomwepo, n'kumati ndiwachitire chifundo, nanenso ndili ndi abale.

Achemwali, mukukumbukira masana amene bambo anatisiya. Inu munatsegula mawindo onse a wodi ija, ine ndikuwakupiza ndi chikatoni, iwo akutsegula pakamwa kufuna mpweya umene panalibe woti awapatse. Ndinkaganiza kuti zimenezo ndinazikwirira kalekale. Koma nditayang'ana bambo wa basi uja, ndinaona mapewa a bambo athu. Zonse zimene ndinaphunzira zinachoka m'mutu.

Ndinatambasula dzanja n'kukweza makinawo kuchoka pa 360 kufika pa 520. Belu la makina linalira nthawi yomweyo kuchenjeza kuti mphamvu ya m'chifuwa yapyola malire. M'malo mobweza, ndinakweza malire a belulo kuti likhale chete. Mumtima ndinati ndi mphindi khumi zokha, angopumako, ndikaitane dokotala, ndibwezeretse. Chifuwa chinayamba kukwera bwino, bamboyo anadekha, akazi ake n'kuyamba kundidalitsa ine ndi mtundu wanga wonse.

Ndisanafike n'komwe pa foni yoitanira dokotala, mtima wa mayi wa pa bedi lachisanu ndi chiwiri unaima. Zikatero aliyense amathamangira komweko, kaya wamaliza shifiti kaya ayi. Ndinaponya chikwama pakona n'kuyamba kusinthana ndi anzanga kupsinya chifuwa. Tinalimbana pafupifupi ola lathunthu mpaka mtima unabwerera. Ndinatuluka yunifolomu itanyowa, ndinakwera basi, n'kukafika kunyumba.

Ndinakumbukira za makina aja cha m'ma faifi koloko, ndikuchapa yunifolomuyo. Sopo anandigwa m'manja. Ndinaimba foni ku chipinda chathu, inaitana mpaka kuduka. Kachiwiri anayankha kalaliki, n'kundiuza kuti ndiimbenso nthawi ina chifukwa onse ali pa bedi lachinayi. Papo lakumanja linali litabooka, mpweya n'kudzaza pakati pa papolo ndi nthiti, mpaka kupanikiza mtima. Anamupulumutsa pomuboola m'nthiti n'kulowetsa chubu china chotulutsa mpweyawo. Anatsala pang'ono kupita.

M'mawa mwake dokotala wa mapapo anatsegula makinawo kuona zimene anasunga. Makina amalemba nthawi imene asinthidwa, koma salemba dzanja limene lawasintha. Anaonetsa kuti kotala tu thuu wina anakweza mpweya, n'kukwezanso malire a belu. Pa nthawi imeneyo wodwalayo anali kale m'dzina la a Kwezani. Palibe amene anafunsa funso lachiwiri. Maso onse anapita kwa iwo, ndipo ine palibe anandiyang'ana n'komwe, poti Mayi Tepi angachite bwanji zotero.

A Kwezani anangonena kamodzi kuti makinawo sanawakhudze. Sanabwerezenso. A Metironi, amene ndi mkulu wa anamwino tonse, anawachotsa m'chipindamo tsiku lomwelo n'kuwatumiza kotsuka mabala kuti akadikire msonkhano. Ndiye anandiitana ine mu ofesi, n'kundipempha kuti ndibweretse kabuku kanga kuti aone maulendo ena amene mayiwo anakwezapo makina. Ndinakabweretsa, achemwali. Ndinakapereka ndi manja anga awiri, n'kutsegula pa tsamba lake.

Ndinakhala chete masiku asanu ndi anayi. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinkafunafuna mpata woti ndinene, koma ndikhala ndikunama. Ndinkawerengera masiku otsala kuti kalata yanga isainidwe. Sabata yomweyo ndi imene Kachiwala ananditumizira mawu pa foni yanu kuti kwatsala masiku makumi anayi ndi limodzi, ndipo wayamba kale kugawa zidole zake kwa azibale ake. Ndinamvetsera mawuwo ndili m'chimbudzi cha kuntchito, ndinawamvetsera katatu, ndipo ndinatuluka nditatsimikiza kuti pakamwa panga sipatseguka.

Koma kukhala chete kuli ndi ntchito yake. M'mawa uliwonse ndinkazungulirabe ndi tepi, ndikufika pa bedi lachinayi n'kumva chubu cha m'nthiti chikubwata m'botolo la madzi pansi pa bedi. Akazi a bamboyo sankadziwa kuti zimene ndinachita zija zikukhudzana ndi kubooka kwa papo, ndiye tsiku lililonse ankandipatsa moni wa manja awiri. Tsiku lina dokotala ali pomwepo akulemba, mayiwo anandiloza n'kunena kuti namwino uyu yekha ndi amene anawamvera tsiku lija amuna awo akuvutika. Dokotala sanadzutse mutu, anangoti inde, ameneyu ndi wakhama, n'kupitiriza kulemba.

Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro ndinapita kotsuka mabala kuja. Sindikudziwa chimene ndinkafuna, mwina kungoona nkhope yawo. Ndinawapeza a Kwezani ali okha, akudula mabandeji n'kumawasanja m'thireyi. Ndisanatsegule pakamwa anandiuza kuti nditseke chitseko. Anati anandiona tsiku lija kudzera pa galasi la kachipinda ka mankhwala, dzanja langa lili pa makina. Anaganiza kuti ndatumidwa ndi dokotala, chifukwa Mayi Tepi salakwitsa. N'chifukwa chake, atatanganidwa ndi mayi wa mtima uja masana onse, sanathamangire kukaona makina a pa bedi lachinayi, ndipo belu limene likanawaitana ndinali nditalitseka pakamwa.

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene. Anayankha lumo lili m'manja, osasiya kudula. Anati iwo atsala ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri kuti apume pa ntchito. Chimene angawachite n'kuwapatsa kalata yochenjeza n'kuwasiya kumabala komweko mpaka tsiku lawo, ndipo mabala nawonso ndi ntchito. Anati iwo ana awo anakula, palibe amene akuwadikira pa foni. Anandiuza kuti ndikhale chete, ndibweretse mwana wanga, koma ndisadzayankhulenso munthu wamkulu mmene ndinawayankhulira iwo. Analibe mkwiyo m'mawu awo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandimenya mbama.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinathokoza. Ndinati zikomo amayi, n'kutuluka. Mng'ono wanu amene mumamunyadira kwa makasitomala anu anavomera kuti mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi asenze mlandu wake, ndipo anabwerera ku ntchito mtima utapepukako. Pa zonse zimene ndalemba m'kalata ino, ichi ndi chimene chikundichititsa manyazi kwambiri.

Msonkhano unachitika Lachinayi m'mawa, m'kachipinda kopanda windo kumene timaphunzirira. Munali dokotala wa mapapo, a Metironi, bambo wina wa ku ofesi yoona za ogwira ntchito, a Kwezani, ndi ine monga wosunga kabuku. A Kwezani anabwera atasita yunifolomu mpaka mizere kuoneka, atavala kabaji kawo kakale ka kusukulu ya unamwino. Anakhala mowongoka, chikwama chili pamiyendo.

Dokotala anayankhula nthawi yaitali. Anati sanganene motsimikiza kuti papo silikanabooka popanda kukwezako, poti linali lofooka kale, koma maola atatu a mpweya wochuluka chonchija anali okwanira kuling'amba. Anati vuto laoneka poyera tsopano: anamwino okhalitsa sakufuna kusiya zizolowezi zakale, ndipo apempha kuti onse amene anawalembapo m'kabuku aunikidwenso ngati ali oyenera kukhala m'chipinda chathu. Apa ndinazindikira kuti si a Kwezani okha amene apite. Ndinazindikiranso kuti dokotala akuchiza matenda olakwika, chifukwa dzanja limene linakweza makina silinali la munthu wokana kuphunzira.

Bambo wa ku ofesi uja anakankhira pepala kwa a Kwezani kuti asaine kuti avomera chenjezo. Iwo anavala magalasi, anawerenga mzere ndi mzere, kenako anayamba kufufuza cholembera m'chikwama osachipeza. A Metironi anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndiwabwereke changa. Ndinapisa m'thumba, ndipo chimene ndinagwira chinali chofiira chija. A Kwezani anali atatambasula kale dzanja, osandiyang'ana kumaso.

Sindinathe kuchipereka. Ndinapezeka nditaimirira, mpando utagwa kumbuyo, ndikunena kuti makinawo ndinakweza ndine, belu ndinatseka ndine, ndipo mayi awa sanakhudze kanthu. Mawu anatuluka aang'ono, moti a Metironi anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza.

Dokotala anandifunsa kuti zatheka bwanji, ine amene ndimadziwa khadi lija pamtima. Ndinamuuza za mayi wogwada pa simenti, ndinamuuzanso za bambo athu. Anamvetsera osandidula. Kenako anafunsa chifukwa chake ndinatseka belu, ndi chifukwa chake ndinakhala chete masiku asanu ndi anayi wina akuvutikira mlandu wanga. Anati kukweza makina angakumvetse, koma ziwirizo ndi zimene zikumuvuta kundikhulupirira.

Titatuluka, a Kwezani anandipeza pakhonde n'kundikokera pambali. Anandinena kuti ndine chitsiru, kuti iwo anali atakonza zonse ine n'kuziwononga, kuti tsopano mwana wosalakwa ndi amene alipire. Anandikalipira mpaka mawu anawathera. Atatero anatulutsa kampango m'chikwama n'kundipukuta kumaso mwankhanza, ngati akupukuta mwana wa mamina, n'kundilamula kuti ndikadye chifukwa ndikuoneka ngati wodwala.

Masana omwewo dokotala ananditenga kukawauza akazi a bambo uja. Ndinayankhula ndine, iye ataima pambali. Mayiwo sanakuwe, sanatukwane. Anangofunsa ngati ndiye kuti iwo ndi amene anavulaza amuna awo pondipempha. Ndinawauza kuti ayi, iwo anachita zimene mkazi aliyense akanachita, wodziwa ndinali ine, ndipo tikanawafotokozera tsiku loyamba chifukwa chake chifuwa chikukwera pang'ono, sakanagwada. Kuchokera tsiku limenelo sandipatsa moni. Akandiona amayang'ana kukhoma, ndipo sindiwaimba mlandu. Amuna awo akadali pa makina, pa 360. Botolo lija lachepetsa kubwata, ndipo dokotala akuti pali chiyembekezo, koma sanatuluke m'ngozi.

M'chipinda mwathu zinthu zasinthako kale. Tsopano wodwala akangoikidwa pa makina, namwino amakhala pansi ndi abale ake n'kuwauza zimene adzaone, kuti asadzadzidzimuke. Kuseri kwa khadi lija alembako zoyenera kuchita wodwala akayamba kulimbana, chimodzi ndi chimodzi. Munthu sasinthanso makina kapena belu ali yekha, pamafunika awiri. Za kuunika anamwino okhalitsa zija anazisiya. A Kwezani anabwerera, ndipo kuzungulira kwa m'mawa anapatsa iwo ndi namwino wina. Amagwira tepi ngati njoka, akung'ung'udza, koma amayeza ndithu.

Za ine anandiuza Lachisanu. Sanandichotse ntchito, ndipo a Metironi ananena mosabisa kuti zinatsala pang'ono. Andipatsa kalata yochenjeza, kwa miyezi itatu sindikhudza makina popanda wondiyang'anira, ndipo nthawi yanga yoyesedwa aiwonjezera ndi miyezi isanu ndi inayi. Kalata yonditsimikizira sisainidwa mwezi uno. Ndinapita ku ofesi ya olowa m'dziko kukafunsa ngati angadikire, koma anati pempho la mwana likafika tsiku lake popanda kalatayo limafa, tidzayambiranso pachiyambi. Malo amene ndinamupezera ku sukulu ya kuno nawonso apita. Achemwali, Kachiwala sabwera chaka chino.

Masiku ena ndimati ndinachita bwino kuimirira. Masiku ena ndimamva mawu a a Kwezani kuti walipira ndi mwana, ndipo ndimadzida. Papita chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri ndisanamugwire mwana wanga. Ndinamusiya akundifika pachifuwa, pano mukuti wayamba kufika paphewa panu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndi lolemera. Mumukhazike pansi inuyo, Loweruka lisanafike, mumuuze. Ndikudziwa lilime lanu, lidzafuna kunena kuti mapepala achedwa ku ofesi, poti ndi zimene aliyense amanena ndipo mwana angakhulupirire. Chonde musatero. Akamva kuti ndi mapepala, adzayamba kuwerenganso masiku, ndipo ndidzakhala nditamunamiza kawiri. Mumuuze kuti amayi ake analakwitsa pa ntchito, munthu anavulala, iwo anabisa, kenako anaulula, ndipo chilango chake ndi chimenechi. Mumuuzenso kuti si chifukwa chakuti sindikumufuna. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, amva. Ndikanamuuza ndekha, koma nkhani yotere imafunika munthu woti amugwire akamalira, ndipo manja anga sangafike.

Amayi muwauze mmene mungaonere, pang'onopang'ono, tsiku limene miyendo yawalola kugona bwino. Muwapatse moni wanga, muwauze kuti ndikudya. Moni kwa alamu anga, ndipo ndikuwathokoza kuti asunganso pakamwa pena chaka china popanda kufunsidwa. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, kwa amalume ngati mungawapeze pakhomo, ndi kwa ana anu onse atatu. Inuyo sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Mundikalipire ngati mukufuna, ndi udindo wanu.

Ndidzaimba Loweruka cha m'ma folo koloko. Akakana kubwera pa foni musamukakamize, ndipo musamukalipire. Mungoiika foniyo patebulo pafupi naye osaidula, inu n'kutuluka panja. Ndidzadikira mpaka atayankhula.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Kachiwala